Mahatchi a pa Chitseko cha Fanuel

Ndikukumbukira chaka chimene ndinasiya sukulu, ndipo sindichikumbukira mokondwa ayi. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndili Fomu 2. Musandifunse zifukwa zambiri. Pakhomo zinthu zinali zitavuta, anandibweza pageti kangapo, kenako tsiku lina ndinangoleka kupita. Palibe mphunzitsi amene anabwera kudzafunsa. Anzanga amene tinkakhala desiki imodzi ankadutsa pakhomo pathu ku Tafara, mu Harare muno, m'mawa uliwonse atavala yunifomu, ine nditakhala panjerwa, ndipo mwezi usanathe analeka kundipatsa moni. Ndinkawada onse. Ena mwa iwo ndimawadabe pang'ono.

Mayi anga ankagulitsa tomato ndi ndiwo zamasamba kumashopu. Bambo anapita ku Joni ndili wamng'ono, ndipo nkhani yawo ithere pomwepo. Mayi si munthu wopirira mwana wongokhala. Tsiku lina akutsuka mabeseni awo anandiuza mosazungulira kuti alankhulana ndi malume anga amene ankagwira ntchito pafamu ya fodya ku Mvurwi, ndipo mvula ikangoyamba ndipita kumeneko. Ndinali nditapitako kamodzi. Ndinkadziwa tinyumba take taudzu, utsi wa m'mabani owotchera fodya, ndi anthu amene anabadwira pafamupo n'kukalambira pomwepo. Agogo anga anachoka ku Dedza wapansi n'kudzathera mphamvu zawo zonse m'mafamu ngati amenewo, ndipo banja lathu linavutika kuti lichokeko lifike m'tawuni. Ine sindinkafuna kukhala woyamba kubwererako.

Amene anandipulumutsa tsiku limenelo anali bambo Zuze, amene ankachita lendi kachipinda kakuseri kwathu. Kwawo kunali ku Tete. Anabwera nthawi ya nkhondo ali mnyamata ndipo sanabwererenso. Anali munthu wamfupi, wamapewa otambalala, wosamva bwino khutu limodzi, ndipo ntchito yawo inali yodula mitengo ndi sowo ya injini, imene ambiri amati tchenisowo. Anthu a kumayadi akakhala ndi mtengo woopseza denga ankaitana iwo. Iwo ankaugwetsa, kuuduladula, ndipo zipika zabwino ankakagulitsa kwa akalipentala ku Glen View. Anali atakhala pakhomo pawo akumanga nsapato pamene mayi ankalankhula, ndipo anamva ndi khutu labwino lija.

"Mayi, mundibwereke mwanayu mpaka mvula," anatero. "Akakhala wa ntchito ndimusunga. Akapanda kutero, galimoto za ku Mvurwi sizinathe."

Mayi anavomera. Mmenemo unali mwezi wa Epulo, ndipo ndinali ndi miyezi isanu ndi umodzi yoti ndionetse kuti sindine mwana wongodya.

Ndinkaganiza kuti m'mawa mwake andipatsa sowo. Anandipatsa katupa. Kanali katupa kozungulira, kaching'ono ngati pensulo, ndipo ntchito yake inali yonola mano a tcheni. Kwa amene sanaigwirepo sowo imeneyi, ili ndi chitsulo chachitali chophwatalala chimene timati baa, ndipo tcheni chimazungulira m'mbali mwa baayo. Mano a tchenicho amasinthana: ili layang'ana kumanja, lotsatira kumanzere, choncho mpaka kuzungulira. Bambo Zuze ankati dzino lililonse lipatsidwe katupa katatu, osapitirira, osaperewera, ndipo ankawerenga m'Chipwitikizi chapansipansi: umu, doyishi, tereshi. Ine ndikanola, iwo ankayendetsa chala chachikulu pamano, n'kungoti, "Bwereza." Sankakalipa. Bwenzi kuli bwino akanamakalipa, chifukwa munthu wokalipa umatha kumuyankha.

Mano akumanja ankandiyendera bwino. Akumanzere ankafuna kuti utembenuze sowo yonse, ndipo mkono unkakhala mopotoka, katupa n'kumaterera. Ndinkawada mano amenewo. Miyezi itatu yathunthu ndinakhala ndikukoka nthambi, kusakaniza petulo ndi oyilo m'chigubu, ndi kunola. Manja anachita matuza, matuzawo anaphulika, pamalopo panauma. Sowo ndinkangoinyamula kuchokera pageti kufika pamtengo.

M'mwezi wa Julayi, kukuzizira, bambo Zuze anatulutsa thumba kunsi kwa bedi n'kulikhuthula pakhonde. Munali sowo ina, yakufa, zidutswazidutswa. Anati anaitola kwa mzungu wina amene ankasamuka, ndipo iwo analibe nthawi yolimbana nayo.

"Ukaidzutsa ndi yako," anatero. "Koma yako ndi yako. Ine sindiigwira, sindiiyendera."

Sindinakhalepo ndi chinthu changachanga chachikulu kuposa nsapato. Ndinatsuka chidutswa chilichonse ndi petulo ndi mswachi wakale, ndipo zimene zinandikanika ndinapita nazo kwa Fanuel.

Fanuel anali ndi kashedi kamalata kuseri kwa malo a akalipentala ku Glen View. Loweruka lililonse tinkakwera lole pamwamba pa zipika, kudutsa tawuni yonse, kukatsitsa kumeneko. Amene anafikako akudziwa mmene kumakhalira: mawadiropu ndi masofa ali mbwee pamtetete, fungo la guluu ndi vanishi, nyundo zikugogoda mbali zonse, anyamata akukokerana makasitomala. Bambo Zuze akamatsutsana mitengo ndi akalipentala, ine ndinkazemba kupita kushedi. Fanuel ndinkamutchula kuti mukoma, monga amanenera Achishona ponena mkulu wako. Makolo ake anali a ku Ntcheu, koma Chichewa chake chinali chosakaniza kwambiri, ndipo akapsa mtima chinkatheratu. Kale ankagwira ntchito pakampani ina yokonza mainjini kumaindasitiri, ndipo itatsekedwa anayamba kukonza masowo, majenereta ndi mapampu. Anandipezera tizitsulo timene tinkasowa, anandionetsa mmene pisitoni imalowera, ndipo Loweruka lachitatu sowo yanga inalira. Ndinaseka ndekha ngati wamisala.

Pakona ya shediyo panali chinthu chimene Fanuel ankanyadira kuposa mkazi wake. Ankachitcha dayino, makina oyezera mphamvu ya injini, ndipo anachipanga yekha ndi zotolatola. Ankachotsa baa ndi tcheni, n'kumangirira injini ya sowo pachitsulo cholemera. Injiniyo inkazunguza mbale ya buleki ya njinga yamoto. Buleki yake inali ndi kamkono kachitsulo kamene kankakanikiza sikelo yakale ya m'butchala. Mwini sowo ankatsegula moto wonse, Fanuel n'kumafinya buleki pang'onopang'ono, diso lina pasikelo, lina pakamita kowerenga mmene injini ikuzungulirira. Zonsezi zinkatenga nthawi yochepa, mwina yongokwanira kumwa kapu ya madzi. Kenako ankadinadina pafoni, n'kulengeza kuti injini yako ili ndi mphamvu ya mahatchi angati.

Ndiye panali chitseko. Mkati mwa chitseko chamalata cha shediyo Fanuel ankalembamo ndi choko mayina a eni masowo, wamahatchi ambiri pamwamba, wochepa pansi. Odula mitengo a ku Glen View, ku Hatcliffe ndi kwina ankasonkhana pamenepo Loweruka masana kudzayezetsa ndi kudzanyozana. Munthu dzina lake likatsika ankachoka nkhope ili gwa, ngati wamva uthenga wa maliro.

Sowo yanga itayezedwa koyamba inapezeka pakatikati. Fanuel anafunsa dzina langa lenileni, n'kulemba: Misheki. Ndinaima n'kumaliyang'ana. Chichokereni kusukulu palibe amene anali atalemba dzina langa pena paliponse, ndipo kuyambira tsiku limenelo mutu wanga unali pachitseko chija basi. Fanuel anaona kuti ndagwidwa, ndipo zinamusangalatsa. Tinaboola kabokosi kotulukira utsi kuti injini izipuma momasuka. Tinapala apa, kusalaza apo. Pomaliza anatenga sikuludiraiva yaing'ono n'kupotoza kasikuluwu ka pa kabureta, kuti petulo azilowa wochepa, mpweya wambiri. Kulira kwa sowo kunasintha. Kunakwera, kunaonda, kunkalasa m'makutu ngati mluzu. Kumapeto kwa Ogasiti, dayino inapereka mahatchi anayi ndi kanthu pamwamba, ndipo Fanuel anafufuta dzina la bambo wina wa ku Hatcliffe n'kulemba langa pamwamba penipeni.

Ndiyenera kunena zoona apa, chifukwa Fanuel sanandinamize. Pondipatsa sowoyo anati, "Mfana, izi ndi za padayino. Ukamapita kumitengo ubweze kasikuluwu aka pang'ono, injini izimwa. Pano yangolira pang'ono n'kupuma. Mumtengo ilira tsiku lonse." Ndinavomera ndi mutu. Mumtima ndinati, ndibweze kuti nditaye mahatchi anga? Sindinakhudze.

Tsiku lomwelo anyamata anawanyengerera bambo Zuze kuti nawonso ayezetse. Anakana kawiri, kenako anaseka n'kupereka. Sowo yawo inali yakale, utoto unatha, chogwirira anachimanga ndi waya. Inapereka mahatchi atatu osakwana bwino, ndipo dzina lawo linalembedwa lachiwiri kuchokera pansi.

"Mudhara, iyi ndi sowo kapena ndi makina osokera?" anatero Fanuel, akuwatchula mdala m'Chishona, anthu n'kufa nacho chiseko.

"Imandidyetsa," anayankha bambo Zuze, akubwezeretsa baa.

Ine ndinaseka kuposa onse. Pobwerera pa lole ndinawauza kuti sowo yawo yatha ntchito, ndipo akafuna ndiwakonzera. Anatembenuzira kwa ine khutu losamva lija. Kunyumba ndinauza mayi kuti mu Harare monse sowo yamphamvu ndi yanga. Mayi anati iwo sadziwa za mahatchi, akudziwa kuti mitambo yayamba kuoneka.

Masabata amenewo katupa ndinkakagwira mwamwambo chabe. Tcheni cha bambo Zuze ndinkanola bwino chifukwa ankayendera. Changa ndinkachinola mothamanga. Mano akumanja ndinkawapatsa katupa kanayi kapena kasanu chifukwa ankakoma kunola, akumanzere kamodzi, mwina osawakhudza n'komwe. Ndinkati injini yamphamvu chotere ingadule ngakhale ndi supuni. Bambo Zuze anayamba kundilola kudula nthambi ndi sowo yangayo, ndipo panthambi zazing'ono zaziwisi palibe chimene chinkaoneka. Sowo inkangodutsa.

Mayeso enieni anabwera mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Kuseri kwa tchalitchi chathu ku Tafara kunali mtengo waukulu wa bulugamu umene unauma chiimire zaka zingapo. Akuluampingo ankaopa kuti mphepo ya mvula yoyamba iugwetsera padenga, komanso amayi ankafuna nkhuni zophikira paukwati umene unali pafupi. Bambo Zuze anaugwetsa okha Lachisanu, unagwa mokoma pakati pa mpanda ndi chimbudzi. Loweruka m'mawa tinabwera kudzauduladula. Bulugamu wouma ndi wina. Wamuwisi amafewa, koma wouma chiimire amalimba ngati fupa, ndipo thunthu la umenewu munthu mmodzi sakanalikumbatira.

Amayi a mpingo anali pomwepo akusesa ndi kukolopa m'tchalitchi. Panalinso ana, ndi anyamata ena ongokhala amene ndinali nditawauza kale za chitseko cha Fanuel. Bambo Zuze analemba mizere pathunthupo ndi khala.

"Ine ndiyambira kutsinde, iwe uyambire uko. Tikumana pakati."

Sananene kuti ndi mpikisano. Ndine ndinanena, mokweza, kuti aliyense amve. Ndinati akulu apume, ndiwapeza asanamalize chipika chachiwiri.

Ndinakoka chingwe, sowo inalira kulira kwake kowonda kuja, ana anatseka makutu, anyamata anaimba malikhweru. Ndinaiika pamzere. Inalowa pang'ono, kenako inayamba kuchedwa. Chimene chinkatuluka sichinali utuchi weniweni koma fumbi losalala ngati ufa, lotentha, lolowa m'mphuno. Nditaponya diso kutsinde ndinaona sowo ya bambo Zuze ikulira mwaulesi, mokhuthala, koma ikulavula utuchi waukuluukulu ngati mphale, ukuunjikana pa nsapato zawo. Iwo sankakanikiza n'komwe. Anangoigwira, iyo ikudzilowera yokha.

Ine ndinakanikiza. Ndinaikapo mapewa, ndinaikapo mimba. Apa m'pamene ndinaona kuti baa yasiya mzere wa khala uja ndipo ikupatukira kumanja. Ndinaipotozera kumanzere, inakana. Ndikamapita pansi m'pamenenso inkakhota. Kutsinde chipika choyamba chinagwa, phi! Ine ndisanafike ndi pakati pomwe. Chachiwiri chinagwa. Malikhweru anali atasiya. Thukuta linkalowa m'maso, manja anachita dzanzi, ndipo kuchokera mu injini munayamba kutuluka fungo la chitsulo chopsa. Ndinkalimva fungolo. Ndinangofinya moto kwambiri, poti mahatchi anayi sangagonje pamaso pa anthu.

Sindinawaone bambo Zuze akubwera. Ndinangoona chala chawo chikudina kabatani kozimitsira, ndipo pamalo ponse panangoti zii. Ndinayesa kuzula sowo, koma mtengo unali utaipana. Ndinakoka, ndinagwedeza, ndinatukwana pabwalo la tchalitchi. Sinasunthe.

Mayi wina wachikulire amene anaima ndi tsache pakhomo la tchalitchi analankhula mokweza, ngati akufunsa anzake. "Phokoso lonse lija, ine ndimati mtengo watha. Si mwana wa mayi a tomato uyu?"

Amayi anaseka. Kuseka kwa amayi a mpingo kumapweteka kuposa kwa anyamata, chifukwa amaseka akukumvera chisoni.

Bambo Zuze analavulira pa injini yanga, malovu anangoti tswee n'kuuma. "Ukanapitiriza pang'ono pokha ukanaphika pisitoni," anatero. Anakatenga sowo yawo yachiwiri kuchokera pansi ija, anadula pambali pa yanga, anakhomera kachikuni kosongoka mumpata, ndipo sowo yoyamba mu Harare monse inatulutsidwa ngati mbuzi yokodwa mumpanda. Pamene ndinadula ine panaoneka poyera tsopano. Sipanali pathyathyathya. Panali pokumbika ngati beseni.

Anakhala pansi, anaika sowo yanga pamiyendo, n'kuyendetsa tcheni ndi chala, dzino limodzilimodzi. Masana amenewo ndinaona ndekha zimene ndinkakana kuona. Mano akumanja anali aafupi, akuthwa, onyezimira. Akumanzere anali aatali, obuntha, nsonga zake zozungulira. Mbali imodzi inkadya mtengo, inayo inkangokhula, ndiye sowo ikanapita kuti kusiya kukhota?

"Akumanzerewa anakulakwira chiyani?" anafunsa.

Kenako anawonjezera funso lina.

"Pamakina a mnzako paja, pamene ankawerenga mahatchi, tcheni chinali kuti?"

"Chinali m'thumba."

"Ehe."

Anatulutsa katupa m'thumba la ovolosi, anakaika pathunthu pafupi ndi ine, n'kubwerera kutsinde.

Ndikanakonda kulemba kuti pamenepo nzeru zinandilowa. Ayi. Chimene ndinkafuna chinali kutaya katupako kuseri kwa mpanda n'kumapita, osatembenuka. Ndinaimirira ndithu. Chinandikhazikanso pansi ndi Mvurwi. Kumadzulo mitambo inali itaunjikana, yakuda kunsi, ndipo ndinadziwa kuti ndikachoka pabwalo limenelo, sabata yamawa ndikhala m'basi ndi kachikwama. Ndinakhala padzuwa, sowo pakati pa mawondo, n'kuyamba kunola. Kuti mano akumanzere afanane ndi anzawo panafunika katupa kambirimbiri dzino lililonse. Ndinathyola kamtengo kuti ndiziyezera kutalika kwake. Anyamata aja anatopa n'kumapita. Amayi ankadutsa ndi zidebe osandiyang'ana, ndipo ndinawathokoza mumtima chifukwa cha zimenezo. Mmodzi anandisiyira kapu ya maheu pambali. Kumbuyo kwanga zipika za bambo Zuze zinkangogwa, chimodzi, chinanso, chinanso. Ndinanola kupitirira ola lathunthu.

Nditamaliza ndinawapititsira. Anayendetsa chala, mbali iyi, mbali inayo. Ndinadikira liwu lija loti bwereza. Silinabwere. M'malo mwake anandipatsa sikuludiraiva yaing'ono.

"Liza. Tsegula kasikuluwuko pang'onopang'ono mpaka izikhosomola ikakhala pamphepo. Ikalowa mumtengo chifuwacho chitha chokha."

"Nditaya mahatchi," ndinatero. Ndinanenadi zimenezo, pambuyo pa zonse zija.

"Taya."

Ndinapotoza. Mluzu uja unatha, kulira kunakhuthala, kunayamba kuchita ngati kukudukiza. Kwa ine inkamveka ngati sowo yodwala. Ndinapita pamzere watsopano, ndinaiika, ndipo ndisanakanikize inayamba kundikoka yokha. Kudukiza kuja kunatheratu tcheni chitangoluma mtengo. Utuchi unayamba kumenya miyendo yanga, waukuluukulu, wofunda, wonunkhira mafuta a bulugamu. Baa inatsika mowongoka ngati ikutsata chingwe. Sindinkalimbana ndi chilichonse. Ndinkangoigwira n'kumaimvera. Chipika chitagwa ndinayang'ana pamene ndadula, ndipo panali posalala moti ukanaikapo kapu ya tiyi osatayika. Pa zinthu zonse zimene zandichitikira, zochepa kwambiri zinandikomera ngati chipika chimenecho.

Tinadula mpaka dzuwa litapendeka. Chakumapeto tinayandikana, iwo uku ine uku, ndipo tinapezeka kuti tayamba mizere yathu nthawi imodzi. Ulendo uno sindinalengeze za mpikisano. Chipika changa chinayamba kugwa, chawo chinatsatira pambuyo pang'ono. Bambo Zuze anazimitsa sowo, anapukuta nkhope ndi chipewa.

"Aa, mahatchi aja afika tsopano," anatero. "Anachedwa panjira."

Mayi anatipeza tikusanja nkhuni kuseri kwa tchalitchi, beseni lili pamutu, akuchokera kumashopu. Nkhani inali itawafika kale, monga zimakhalira ku Tafara, ndipo inawafika mbali yoyamba yokha. Sanandiyang'ane. Anapereka moni kwa bambo Zuze, n'kunena kuti malume aimba foni, akufunsa tsiku.

Bambo Zuze anaponya chikuni pamulu. "Muwauze apeze wina wosoka fodya, mayi. Uyu Lolemba tili ndi jakaranda kumayadi. Alawire."

Mayi anangoti, "Chabwino," n'kukonza nkhata pamutu. Atayenda pang'ono anatembenuka n'kundiuza kuti ndisalowe m'nyumba mwawo ndi utuchi umenewo. Mvula yoyamba inagwa patapita masiku anayi, ndipo inandipeza ndili pamwamba pa lole, nditakhalira zipika, sowo yanga nditaifunditsa jekete.

Loweruka lotsatira Fanuel anaumirira kuti tiyezenso. Dayino inachotsa kanthu kaja ka pamwamba pa mahatchi anayi, ndi kena pang'ono. Anafufuta dzina langa ndi chikhato n'kulilemba lachitatu, ndipo bambo wa ku Hatcliffe uja anavina pakhomo la shedi. Ndinganame nditati sizinandipweteke. Zinandipweteka mpaka Lolemba.

Pano ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Ndimakhalabe ku Tafara, ndili ndi masowo awiri ndi makasitomala anga. Bambo Zuze mapewa anayamba kuwavuta, ndipo masiku ano amangondiperekeza pa mitengo yovuta, kukaloza kumene igwere. Anzanga a yunifomu aja ena ali ndi mapepala awo a sukulu m'masutikesi, ndipo tikakumana pokwerera kombi, maminibasi a kuno, amandifunsa ngati ndili ndi ganyu yoti ndiwapatse. Sindiwaseka. Sindiwamveranso chisoni kwenikweni.

Kwa Fanuel ndimapitabe, ndipo amene amati dayino ndi yabodza sadziwa chimene akunena. Sowo ikayamba kufooka, ine n'kunola bwinobwino koma osasintha, ndimapita nayo kumeneko, ndipo sikelo ya m'butchala ija imandiuza ngati injini yatopa ndisanawononge tsiku pamtengo wa munthu. Dayino imayankha funso limodzi, ndipo imaliyankha moona: injini iyi ili ndi mphamvu zingati ikakhala yokha, yopanda mano, kwa kanthawi kochepa, mumthunzi wa shedi. Cholakwa changa chinali choti ndinatenga yankho limenelo n'kuliyesa yankho la mafunso onse. Pakati pa injini ndi mtengo pali tcheni, pali dzanja limene linanola tchenicho, pali kutentha kwa Okutobala, pali mtundu wa mtengo, ndiponso pali munthu wogwira sowoyo ndi ukali wake. Mphamvu ikhoza kutayikira pena paliponse pamenepo. Yanga inatayikira pa ntchito yaing'ono yotopetsa imene ndinkaiona ngati yosayenera munthu wa dzina lapamwamba.

Sindine munthu woleza mtima, ndipo sindikuganiza kuti ndidzakhala wotero. Anyamata ogula masowo atsopano akayamba kundiwerengera manambala a pabokosi, sindimvetsera mpaka kumapeto. Ndimawauza kuti andionetse pamene adula. Ndikafika sindiyang'ana sowoyo, sindifunsa mwini wake. Ndimawerama, n'kutapa utuchi wodzaza dzanja.